Musanapereke laputopu kwa mmisiri, tulutsani kaye mawu athu



Tchuthi chino malaputopu ambiri akukwera chapa kupita kwa amisiri. Chifukwa chake ambiri mwachimva kale. Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, ndipo Windows 11, amene anatuluka mu 2021, amafuna makina okhala ndi kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa wa zaka zaposachedwa. Makina athu ambiri ndi a kaunjika, anatopa kale m'maofesi akwina asanafike m'manja mwathu. Ndiye ena akuuza mmisiri kuti alowetse Windows 11 mokakamiza, ena akusamukira ku Linux, ena angoti bola ikuyaka. Ine sindikusankhirani. Changa n'chimodzi chokha. Mukasintha kompyuta, Chipwitikizi chimabwerera chokha, chathunthu, ndi tizizindikiro take tonse ta pamwamba pa zilembo. Chinyanja ndi Chiyao sizibwerera zokha. Zimene zinalimo munaziika ndinu ndi zala zanu, ndipo mukapanda kuzitulutsa makinawo asanafufutidwe, palibe fakitale imene ingakubwezereni.

Tiyambe ndi chimene chimasinthacho. Mukayatsa kompyuta mumaona tizithunzi, kamzere kosonyeza ola ndi batire, mndandanda wa mapulogalamu, ndi mawindo amene mumatsegula ndi kutseka. Zonsezi pamodzi akatswiri amati desktop environment, m'Chipwitikizi ambiente de trabalho. Ana a m'kalasi mwanga ndimawauza kuti ndi nkhope ya kompyuta. Zili ngati golosale. Katundu ali m'chipinda cha kumbuyo, koma wogula amadziwa kauntala ndi mashelefu. Mwini golosale akasamutsa mashelefu, shuga amakhala alipobe, kungoti dzanja limapita pamene tsopano pali sopo. Pa Windows nkhope ndi thupi zimabwera pamodzi, simusankha. Pa Linux thupi limodzi lomwelo mutha kuliveka GNOME, KDE Plasma, Xfce kapena nkhope ina.

Laputopu yanga yakhala pa Ubuntu 20.04 kuyambira chaka cha mliri, ndipo nkhope yake inali GNOME 3.36. Zaka zake zisanu za chisamaliro zinatha mu Meyi 2025, choncho nanenso inandikwanira nthawi. Kuchoka pa 20.04 simufikira pa 24.04 kamodzi n'kamodzi, monga mwana sachoka mu 1ª classe n'kukafikira mu 3ª. Mumayamba mwaima pa 22.04, imene ili ndi GNOME 42, kenako n'kukwera pa 24.04, imene ili ndi GNOME 46 ndipo idzasamalidwa mpaka 2029. Dzina loti Ubuntu, limene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anapatsa ntchitoyi mu 2004, ndi liwu lomwe lija ife timati umunthu. Koma chathu ndi dzina lokhalo. Nkhope ya makina anga imalankhula Chipwitikizi monga kale.

Ntchitoyi ndinakaichitira ku Cuamba kwa achimwene, kumene kuli intaneti yolipira pa mwezi, chifukwa kukwera masitepe awiri kumadya mamega amene thumba la mphunzitsi silingapirire. Fayilo yoikira Ubuntu 24.04 kuchokera pachiyambi imafika pafupifupi magiga 6. Ndipo batire ikhale yodzaza, chifukwa magetsi akazima ntchito ili pakati, makina angakane kuyaka.

Zosintha zooneka ndi maso sizinandichedwetse. Mu Marichi 2021 opanga GNOME anadumpha manambala, kuchoka pa 3.38 kufika pa 40, ndipo anasamutsa zinthu zingapo. Malo ogwirirapo ntchito amene ankatsika pansi tsopano amayenda cham'mbali. Malo osankhira chilankhulo cha kiyibodi anachoka ku gawo la dera ndi chilankhulo n'kupita ku gawo la kiyibodi, kumene ndikuona kuti ndiye kwawo kwenikweni. Sabata imodzi dzanja linali litazolowera. Ana a 6ª classe amene ndimawabwereka makinawa Lachisanu sanafunse n'komwe, anangopeza okha njira ngati mbuzi yodziwa khola.

Nkhani ili pa zosaoneka.

Ife a maphunziro a zilankhulo ziwiri timalemba zambiri tokha. Ntchitoyi si yakale kwambiri m'dziko muno. Inayesedwa koyamba kuyambira 1993 mpaka 1997 pa pulojekiti ya PEBIMO, ndi Chinyanja ku Tete ndi Chichangana ku Gaza. Inalowa m'masukulu a boma mu 2003, lamulo la maphunziro la 18/2018 linaivomereza ngati njira imodzi yophunzitsira ku pulaimale, ndipo pali ndondomeko yoifutukula ya 2020 mpaka 2029. Mabuku alipo, ena a boma, ena anapangidwa ndi bungwe la Progresso kuno ku Niassa ndi ku Cabo Delgado. Koma aliyense amene wagwirapo choko akudziwa kuti buku limodzi silikwana chaka. Timapepala ta mayeso, tinkhani tatifupi towerenga, mindandanda ya mawu, nyimbo zowerengera manambala, zonsezi timatayipa tokha usiku.

Ndipo mukamatayipa Chinyanja pa pulogalamu imene ikuyembekeza Chipwitikizi, liwu lililonse limatuluka ndi mzere wofiira kunsi kwake. Tsamba lonse limaoneka ngati kope la mwana amene sanawerenge. Wamkulu amadziwa kuti makina sadziwa chilankhulocho basi, n'kupitiriza. Mwana sadziwa zimenezo. M'kalasi mwathu kufiira kuli ndi tanthauzo limodzi lokha, ndipo tinamuphunzitsa tanthauzolo ndife tomwe ndi bolopeni yathu. Kamtsikana kena kataona kankhani ka kalulu pa makina anga kanandiyandikira n'kunena motsitsa mawu, ngati kondichitira chifundo, kuti, "Aphunzitsi, kompyuta ikuti mwalakwitsa monse." Mawu okhawo amene analibe mzere anali dzina la sukulu ndi tsiku, amene anali m'Chipwitikizi. Ife timatha zaka zitatu kuuza mwana kuti chilankhulo cha amayi ake ndi cholembeka ngati china chilichonse, makina n'kumuuza zina pa mphindi imodzi.

Pali njira ziwiri zochotsera mizereyo. Yachidule ndi kuuza pulogalamu kuti isamayese kalembedwe n'komwe. Mizere imatha, koma mukalemba "mphunztisi" palibe wokuuzani, ndipo pepala limakafika kwa ana 70 lili choncho. Yaitali ndi kudina liwu lililonse ndi batani lakumanja n'kuliwonjezera mu dikishonale ya makinawo. Limodzilimodzi, mwezi ndi mwezi. Chinyanja chimachulukitsa ntchitoyi chifukwa mneni mmodzi amabala ana ambiri: ndapita, tinapita, akadzapita, sanapitenso, ndipo makina amaona lililonse ngati liwu lachilendo. Komabe pakatha zaka ziwiri tsamba limayera, ndipo mzere wofiira ukaoneka umakhala ukunena zoona.

Ambirife tili ndi mndandanda wotere osadziwa kuti tili nawo. Wanga nditautsegula ndinapezamo mawu opitirira 1,000. Ndinauwerenga ngati munthu akuwerenga kalata zakale. Muli maina a malo athu: Massangulo, Itepela, Lugenda, Chiponde, Amaramba. Muli mawu a Chiyao, poti kuno ana ambiri kunyumba amalankhula Chiyao ndipo timapepala tanga timayenda ndi zilankhulo zonse ziwiri. Muli mawu amene tinakangana pa jornada pedagógica mpaka dzuwa kupendeka, a masamu makamaka, ndipo limene linapambana ndi limene linalowa m'makina. Mulinso nkhani ya c ndi ch. Kalembedwe ka kuno, kamene kanakonzedwa pa misonkhano ya NELIMO ya ku Universidade Eduardo Mondlane mu 1988, 1999 ndi 2008, kamalemba Cinyanja ndi cimanga, pamene tsidya la Chiponde amalemba Chichewa ndi chimanga. Pano ndikulemba ndi ch chifukwa ambiri a inu munazolowera kuwerenga mabuku ndi mauthenga a ku Malawi, koma pa pepala la ana ndimatsata buku lawo. Ndiye ngakhale wina atakupatsani mndandanda wopangidwa ku Zomba kapena ku Lilongwe, ungakuthandizeni pa zambiri, koma cimanga chathu ungachiike mzere wofiira. Wa kuno ndi umene uli m'malaputopu athu, ndipo kukula kwake sikufika ngakhale pa chithunzi chimodzi cha pa foni.

Kafayilo kameneka kamakhala pobisika. Anzathu a ku Malawi malo osungira mafayilo amawatchula ndi liwu lachingerezi limene kuno sitingalitchule pamaso pa ana, ndiye ine ndiziti pasta monga timanenera. Pa Linux, pasta iliyonse imene dzina lake layamba ndi kadontho siioneka mpaka mutadina Ctrl ndi H. Mukatero mudzaona .config, m'kati mwake libreoffice, kenako 4, kenako user. M'menemo muli wordbook, momwe muli mawu anu m'fayilo yotchedwa standard.dic, ndi autocorr, momwe muli malamulo anu okonzera mawu. Koperani user yonseyo pa fulashi. Pa Windows, lembani %appdata% pamwamba pa windo la mafayilo, mulowe mu Microsoft, mufufuze mafayilo othera ndi .dic. Ya Word nthawi zambiri imatchedwa CUSTOM.DIC ndipo imakhala mu UProof. Mutha kuitsegula ngati kalata wamba n'kuwerenga mawu anu ali pamzere.

Chifukwa chake ndikulimbikira n'chakuti liwu loti "kusintha" limabisa ntchito ziwiri zosiyana. Yoyamba ndi imene ndinachita ine, kukweza makina ali momwemo. Nkhope imasintha, mapulogalamu amasintha, koma pasta yanu yonse, yooneka ndi yobisika yomwe, imatsala. Yachiwiri ndi imene amisiri ambiri amachita chifukwa ndi yachangu ndiponso siifuna intaneti: kuformata, kufufuta zonse n'kuika zatsopano kuchokera pa fulashi. Amene akuchoka pa Windows kupita pa Linux, kapena kulowetsa Windows 11 pa makina akale, kawirikawiri amadutsa njira yachiwiriyi.

Mayi wina wa mu ZIP yathu, amene waphunzitsa 2ª classe kuyambira ine ndisanapite ku IFP, anadutsa njira imeneyi mwezi wathawu. Mmisiri anawafunsa bwinobwino kuti, "Amayi, zofunika ndi ziti muno?" Iwo anati, "Madokumento ndi zithunzi za adzukulu anga, bambo." Mnyamatayo anakopera zomwe anauzidwa, palibe chimene chinasowa pa zimenezo, ndipo makina anabwera akuthamanga. Atatsegula pepala lawo loyamba la Chiyao, lonse linali lofiira ngati tsiku loyamba. Mawu a zaka zinayi anapita. Mmisiriyo sindimuimba mlandu. Makasitomala ake ambiri amalemba Chipwitikizi, ndipo kwa iwo mu pasta yobisika mulibe chimene angalire nacho. Iye sangadziwe kuti mwa ife muli chuma m'menemo pokhapokha titamuuza. Mayiwo anapulumukako pang'ono chifukwa mapepala awo akale analipo, ndiye tinakhala masana awiri kutsegula limodzilimodzi n'kubwezera mawu. Koma mawu amene anawakana kale ndi amene anawavomera anali atasakanikirana, ndipo ena anachita kuwaganizanso.

Si mawu okha amene amabisala. Pali zina zitatu zimene ndinaziyang'ana nditangomaliza kusintha, ndipo chachikulu mwa izo ndi zilembo. Ana a 1ª classe timawaphunzitsa a wozungulira wokhala ndi kamchira, amene amalemba ndi dzanja. Zilembo zambiri za pa kompyuta zili ndi a wa denga, amene mwana wa miyezi itatu pa sukulu amamuona ngati chilembo china. N'chifukwa chake ambirife tinaika Andika, mtundu wa zilembo waulere umene bungwe la SIL linapangira ophunzira kuwerenga. Zilembo zimene mwaika nokha pa Linux zimakhala mu .local/share/fonts kapena mu .fonts, zonse zobisika. Zikapita, pepala limatseguka ndithu, koma makina amasankha zilembo zina mwakachetechete, a amasintha, mizere imasuntha, ndipo chithunzi cha nkhuku chimakapezeka pa tsamba lachiwiri. Mukapanda kuyang'anitsitsa mumazindikira mutalipira kale fotokope.

Chachiwiri ndi ŵ, w wa chipewa. Ena simumulemba, ndipo sindikutsutsani. Koma ali mu Buku Loyera, ali m'dzina loti Malaŵi, ali m'mabuku a Chiyao ochokera tsidya lija, momwe anthu amalembedwa ŵandu, ndiye mphunzitsi amene akukopera ndime kuchokera m'mabuku amenewo amamufuna. Kiyibodi ya Chipwitikizi ili kale ndi chipewacho chifukwa cha ê ndi ô. Pa Linux mukadina chipewa kenako w, ŵ amatuluka. Pa Windows, mu Word, lembani 0175 kenako mudine Alt ndi X pamodzi. Wamkulu wake ndi 0174. Amene makina awo ali ndi kiyibodi yachingerezi, monga ambiri a kaunjika, pa GNOME yatsopano apite ku gawo la kiyibodi lija asankhe batani la Compose, ndipo akadina batanilo, chipewa, ndi w, zatheka. Kale izi zinkafuna kuika pulogalamu ina yapadera. Apa nkhope yatsopano yatikomera, ndiyenera kunena.

Chachitatu ndi kakang'ono koma kokwiyitsa: kachizindikiro ka mu ng'ombe ndi ng'oma. Mapulogalamu olembera amakonda kukapinda kuti kaoneke bwino, ndipo kwa makina kopindika ndi kowongoka ndi zilembo ziwiri zosiyana. Mukafufuza ng'ombe m'mapepala anu, mwina mupeza theka lokha. Sankhani kamodzi, muzimitse kusintha kwa makinako ngati mukufuna kowongoka, ndipo mukasintha kompyuta mukaonenso, chifukwa makina atsopano amabwera ndi makonda a ku fakitale. Pomwepo muonenso malamulo okonza mawu a Chipwitikizi. Amene mumatsata kalembedwe kakale ka Buku Lopatulika n'kumalemba nao m'malo mwa nawo mukudziwa kale chimene chimachitika: mumatembenuka pang'ono, makina alemba não, ndipo chiganizo chimene chimati tipita nawo chayamba kukana.

Mwina wina afunsa kuti, nanga bwanji osangosiya makina momwe alili? Ngati laputopu yanu siilowa pa intaneti ndipo siilandira fulashi za anthu, ikhoza kudikira. Koma ndi laputopu iti ya mphunzitsi imene siilandira fulashi? Yathu imachoka ku secretaria, kupita ku fotokope, kubwerera kwa mnzathu wa sukulu ina, ndipo kulikonse imatola zake. Makina amene sakusamalidwanso, mabowo ake akapezeka satsekedwa. Ndiye kusintha ndi koyenera. Kungoti nthawi yake ndi ino ya tchuthi, osati sabata ya mayeso pamene a director akudikira mapauta. Ndipo kwa amene makina awo ali ndi magiga 4 okha a memori, ine ndingati GNOME ndi katundu wolemera. Xubuntu, imene ili ndi thupi lomwelo la Ubuntu koma nkhope ya Xfce, imayenda mopepuka, ndipo maonekedwe ake sasinthasintha chaka ndi chaka, zimene kwa munthu wotanganidwa ndi dalitso. Amene muike Ubuntu 24.04 kuchokera pachiyambi, muuzeni mmisiri asankhe kuika kokhala ndi mapulogalamu ambiri, chifukwa kwachiduleko kulibe LibreOffice, ndipo mungafike nayo kumudzi laputopu yopanda polembera.

Makolo, musaone ngati izi ndi za aphunzitsi okha. Foni yanu nayonso imaphunzira mawu anu, ndipo mukagula ina imayambiranso kukukonzerani Chinyanja kuti chikhale Chipwitikizi. Kiyibodi ya Gboard, imene ili m'mafoni ambiri a Android, ili ndi Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo zake, ndipo mutha kuchiika pambali pa Chipwitikizi osachotsa chilichonse. Mwana akamakuonani mukulembera agogo ake uthenga m'chilankhulo chawo foni osakutsutsani, zimamuthandiza kuposa chimene ine ndinganene pa bolodi. Ndipo ngati kunyumba kuli kompyuta imene mwana amalembapo, funsani aphunzitsi ake akupatseni kafayilo ka mawu kaja. Kuika kwake ndi kukopera basi.

Chipwitikizi chimene chili pa nkhope ya GNOME sichinagwe kumwamba. Anamasulira ndi anthu ongodzipereka, batani limodzilimodzi, ndipo nkhope ikasintha amakhalanso pansi kumasulira zatsopano. Ife sitinafike pamenepo, ndipo sindinamiza munthu kuti aphunzitsi a ZIP imodzi, ndi mamega ogula a tsiku limodzi, angamasulire kompyuta yonse. M'kalasi timangoti tsegula, sunga, tseka, fufuta, ndipo ana amamva. Chimene tingathe chaka chino ndi chaching'ono: mindandanda yathu isamakhale m'laputopu imodziimodzi, kudikira tsiku loformata.

Wanga ndaugawa patatu. Pali wa Chinyanja cha c, wa mapepala a ana. Wa ch, wa makalata ndi zolemba ngati zino. Ndi wa Chiyao. Mayi aja awonjezeramo awo amene tinabwezera, ndipo mphunzitsi wina wa ku Mandimba walonjeza kutumiza wake. Ndidzabwera nayo pa jornada yoyamba sukulu zikatsegulidwa, pamodzi ndi Andika, ndiye amene akufuna abwere ndi fulashi yopanda matenda. Mawu a Chiyao okwana tsamba limodzi, amene ife aphunzitsi tinasiyana pa katalikidwe ka mavawelo ake, sindinawaike. Ndawalemba pa pepala ndi dzanja, ndipo ndikawawerengera kaye azimayi ndi madoda a conselho de escola kuti atiuze mmene amawatchulira.